Woyenda ku Tunisia asangoona mabwinja, alawenso mbale ya lablabi

Dzina la mzinda wa Tunis siliri lacilendo m'makutu a anthu a m'Zambia. Pa 10 Epulo 1994, m'bwalo la El Menzah mumzindawo, anyamata a dziko lino anasewera mpira wotsiriza wolimbirana cikho ca Africa, nagonja kwa Nigeria ndi zigoli 2 kwa 1, caka cisanathe cicitikire ngozi ya ndeke ya ku Gabon. Kuyambira masiku amenewo pali enanso amene anapondako. Ena anapita ku misonkhano ya banki ya African Development Bank pamene likulu lake linali ku Tunis kuyambira 2003 kufikira 2014, ena ku maphunziro, ena kutsatira mpira, ndipo ena kukaona dziko cabe. Pobwerako onse amanyamula zithunzi zofanana, za zipilala zakugwa, za nyumba zoyera za m'mbali mwa nyanja ndi za ngamila. Koma wina akawafunsa kuti eni dziko amadya ciani m'mawa kukazizira, ambiri amangoyang'ana pansi.

Kusowa yankho kumeneku sikuli kanthu kakang'ono. Ulendo wa kunja umadya ndalama zambiri, kaya za mwini wake, kaya za amene amtuma, ndipo munthu amene wapita kutali cotero nabwerako osadziwa cimene cimakhala mumphika wa anthu wamba wataya theka la ndalamazo. Mabwinja amauza mlendo za anthu amene anafa kale, pamene za amoyo, za nchito zao, za umphawi wao ndi za mkwiyo wao ziri mumphika. Motero woyenda ku Tunisia ayenera kupatula nthawi ya kudya kumene eni dziko amadya, ndiponso kuphunzira kuphika cakudya cao cimodzi kapena ziwiri kuti akaciphike kwao.

Palibe amene anganene kuti mabwinjawo ngosayenera kuwaona. Sitima yaing'ono ya pamtunda yochedwa TGM imanyamula munthu kucokera ku Tunis ndi kumtula ku Carthage, mzinda umene Afoinike a ku Tyre anaumanga zaka zoposa 800 Kristu asanabadwe. Uku ndiko kwao kwa Hannibal, kazembe uja anaolotsa njobvu pa mapiri a Alps pokamenyana ndi Aroma. Aroma anauononga mzindawo m'caka ca 146 Kristu asanabadwe, pambuyo pake naumanganso, ndipo lero mlendo akhoza kuima pa phiri la Byrsa ndi kuona pansi madooko akale a zombo za nkhondo. Patsogolo pang'ono pa njanji yomweyo pali mudzi wa Sidi Bou Said, wa makoma oyera ndi zitseko za mtundu wa thambo. Mu Tunis mwenimweni muli nyumba ya Bardo yosungiramo zinthu zakale, yochuka ndi zithunzi zimene Aroma anapanga ndi timiyala ting'onoting'ono. Cakumwera kuli El Jem, kumene kuli bwalo la masewera la Aroma limene linali kulowa anthu pafupifupi 35,000, ndiponso Kairouan, mzinda wopatulika wa Asilamu umene Uqba ibn Nafi anauyamba m'caka ca 670.

Komatu woyang'anitsitsa adzapeza kuti miyala imeneyi nayonso iri kunena za cakudya. Bwalo la El Jem linamangidwa ndi cuma ca mafuta a azitona, pakuti mzindawo, umene pa nthawiyo unali kuchedwa Thysdrus, unalemera ndi malonda a mafutawo. Tirigu wa m'minda ya dziko lomweli ndiye anali kudyetsa khamu la anthu a mumzinda wa Rome. Aroma atapasula Carthage, akuluakulu ao analamula kuti mabuku 28 a zaulimi amene analembedwa ndi Mago, mwana wa mzindawo, atembenuzidwe m'Cilatini, popeza anaona kuti nzeru za adani ao pa minda zinali zosayenera kutayika. Pa zithunzi za ku Bardo paoneka nsomba, mphesa, azitona ndi alimi ali pa nchito. Ngakhale mzikiti waukulu wa pakati pa mzinda wakale wa Tunis umachedwa Zitouna, ndiko kunena kuti mtengo wa azitona. Tirigu, mafuta ndi nsomba zimene zinamanga mabwinjawo ndizo ziri m'mbale za anthu kufikira lero, ndipo wofuna kumvetsa miyalayo ayenera kuzilawa.

Cobvuta ncakuti mlendo wogona m'mahotela akuluakulu a m'mbali mwa nyanja, monga a ku Hammamet, Sousse ndi Djerba, sakumana naco cakudya cimeneci monga ciri. Kumeneko ophika amalingalira za lilime la alendo a ku Ulaya, nacepetsa tsabola, naonjezera mbatata zokazinga ndi nkhuku. Munthu akhoza kukhala sabata yathunthu ali wokhuta bwino osalawa kanthu kamene woyendetsa galimoto yomwe yamtengera ku mabwinja anadya m'mawa. Cimene woyendetsayo anadya, makamaka m'miyezi yozizira ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale, kawirikawiri ndico lablabi.

Lablabi ndi cakudya ca anthu a nchito, cogulitsidwa m'tinyumba ting'onoting'ono pafupi ndi misika ndi pokwerera mabasi. Wogula amapatsidwa mbale ya dothi yopanda kanthu pamodzi ndi cidutswa ca mkate wadzulo, ndipo iye mwini amaunyemanyema m'mbalemo monga afunira. Akabweza mbaleyo, wophika amathiramo msuzi wotentha wa nyemba zozungulira zimene m'masitolo a Amwenye kuno zimachedwa chana, naikapo tsabola wosinja wochedwa harissa, mbewu zonunkhira za cumin zopera, mafuta a azitona ndi dzira losapsetsa. Amene ali ndi kandalama koonjezera amapempha nsomba ya tuna ndi zipatso za azitona. Tsono wakudya amatenga masipuni awiri nasakaniza zonse kufikira mkate utamwa msuzi ndi kukhala ngati phala lolimba. Pa benchi limodzi pamakhala wonyamula katundu, mwana wa sukulu ndi kalaliki wa muofesi, aliyense ataweramira mbale yake.

Kaphikidwe kake nkosabvuta, ndipo mbaula ndi poto zikwanira. Makapu awiri a chana amaviikidwa m'madzi usiku wonse. M'mawa madziwo amatayidwa, nyembazo niziikidwa pamoto m'madzi atsopano ambiri pamodzi ndi timano tinai ta adyo wosinja, ndipo zimawira pang'onopang'ono ora limodzi ndi theka kapena maora awiri, kufikira zitafewa kotero kuti zinyenyeka pakati pa zala. Mcere ndi sipuni ya cumin zimalowa cakumapeto. Msuzi suyenera kuuma, pakuti ndiwo udzafewetsa mkate. Dzira limaswedwa mumsuzi wowirawo kwa mphindi zitatu cabe, kuti coyera cigwirane koma cikasu cikhale camadzi. Madzi a ndimu amakometsa mbaleyo pomaliza. Muyeso umenewu ukhutitsa anthu anai, ndipo mkate wofewa wa lero suyenera konse, cifukwa umasanduka matope. Wofunika ndi uja wagona, wolimba, umene m'nyumba zambiri ukadatayidwa.

Harissa ndiye mtima wa cakudya ca ku Tunisia. Dzinali licokera ku liu la Ciarabu lotanthauza kusinja, ndipo nchito yake njomwe mai aliyense wa kumudzi kuno aidziwa. Tsabola wofiira wouma amacotsedwa njere, naviikidwa m'madzi kufikira atafewa, kenaka amasinjidwa mukamtondo pamodzi ndi adyo, mcere ndi mbewu zonunkhira za caraway ndi coriander. Akasalala amaikidwa m'botolo, ndipo pamwamba pake pamathiridwa mafuta otseka mphepo kuti asaole. Dera la Cap Bon, makamaka mzinda wa Nabeul, ndilo lochuka ndi tsabola ameneyu, ndipo woyenda kumeneko nthawi yokolola amaona mikanda ya tsabola wofiira itapacikidwa pa makoma. M'caka ca 2022 bungwe la UNESCO linalemba harissa m'kaundula wa miyambo ya anthu yoyenera kusungidwa. Cocititsa cidwi ncakuti Hannibal sanamlawe tsabolayo, pakuti mbewuyi inacokera ku America pambuyo pa caka ca 1492, monga momwe anacokera matimati ndi cimanga. Nsima ya m'Zambia ndi harissa wa ku Tunisia zinabwera ndi zombo za nyengo imodzi, ndipo mtundu uliwonse unatenga mbewu yacilendo nuisandutsa yakeyake.

Cakudya ca banja lonse, ca tsiku lopumula, ca ukwati ndi ca maliro, ndico couscous. Ici ncakale kwambiri, ca anthu a mtundu wa Amazigh amene anali m'dzikomo Aarabu asanafike. Ufa wa misere wa tirigu wolimba umawazidwa madzi ndi kupotedwa ndi zikhatho m'mbale yaikulu kufikira utasanduka timibulu tating'ono, timene timasefedwa kuti tilingane. Timibuluto sitiwiritsidwa m'madzi ai. Timaikidwa mumphika wa zibowo wochedwa keskes, umene umakhazikidwa pamwamba pa mphika wa ndiwo, kuti nthunzi ya msuzi ndiyo itipsetse. Pakapita mphindi 20 wophika amakhuthula, naphwanya zibuma, nawaza madzi pang'ono ndi mafuta, nabwezeranso pa nthunzi, kawiri kapena katatu. Couscous wa ku Tunisia ngofiira ndi matimati ndi harissa, ndipo ndiwo zake zimatsata dera: m'kati mwa dziko ndi nyama ya nkhosa, maungu, karoti ndi chana, pamene ku Sfax, ku zisumbu za Kerkennah ndi ku Djerba ndi nsomba. M'caka ca 2020 UNESCO inalemba couscous m'kaundula uja m'dzina la maiko anai pamodzi, Algeria, Mauritania, Morocco ndi Tunisia.

Pali mwambo umodzi wa couscous umene mai wa ku Chipata kapena ku Katete angaumve msanga. M'nyengo yotentha azimai a pabanja ndi anansi amasonkhana kupota ndi kuyanika couscous wa caka conse, pamodzi ndi tsabola ndi zonunkhiritsa, nazisunga m'mitsuko. Nchito imeneyi amaicha oula. Nzeru yake njofanana ndi ya mfutso wa m'cikwatu, yakuti dzuwa la lero lisunge ndiwo za nthawi ya kusowa. M'mizinda mabanja ambiri tsopano amagula couscous wa m'mapaketi, koma mwambowo sunafe.

Wofuna coyamba cosabvuta ayese ojja, popeza zonse zofunika zipezeka pamsika uliwonse wa ku Lusaka kapena ku Chipata. Adyo amakazingidwa m'mafuta, nkuthirapo matimati oduladula, tsabola wobiriwira wosawawa ndi sipuni ya harissa. Msuzi ukalimba amaswerapo mazira, ndipo poto amacotsedwa pamoto mazirawo asanaume. Eni ake amakonda kuikamo masoseji a nkhosa kapena ng'ombe ochedwa merguez, ndipo onse amadyera m'ciwaya cimodzi, mkate uli m'malo mwa sipuni. Cina cochuka ndi brik, dzira lokutidwa m'cipepala copyapyala ca ufa ndi kukazingidwa m'mafuta, cimene sicisowa pa mphasa ya madzulo m'mwezi wa Ramadan. Brik afuna luso, cotero mlendo acita bwino kumdya komweko ndi kusiya kumphika.

Amene wanyema mkate m'mbale ya lablabi ali pafupi kumvetsa mbiri ya dzikolo ya masiku ano. Dzikoli linapeza ufulu wodzilamulira pa 20 Malichi 1956, ndipo kwa zaka zambiri boma la Tunisia lakhala likuikapo ndalama kuti mkate ndi ufa zikhale zochipa. Kumapeto kwa caka ca 1983 boma linacotsa thandizo limeneli pofuna kucepetsa ndalama zimene linali kuononga, ndipo mtengo wa mkate unakwera pafupifupi kawiri. Cipolowe cinayamba m'midzi yosauka ya kumwera m'masiku otsiriza a Disembala, nicifika ku Tunis m'masiku oyamba a Januwale 1984. Anthu ambiri anafa, ndipo pa 6 Januwale Pulezidenti Habib Bourguiba anaonekera pa wailesi ya kanema nabweza mitengo yakale. Anthu a m'Zambia safuna kufotokozeredwa zambiri pa nkhani yotere, pakuti m'Disembala 1986 mtengo wa unga unadzetsa cipolowe ku Copperbelt, ndipo Pulezidenti Kenneth Kaunda nayenso anabweza mtengowo. Maiko awiriwa atalikirana, koma onse anaphunzira kuti cakudya ca munthu wamba sicikhudzidwa mwacibwana.

Nkhani ya cakudya sinathere pomwepo. Mohamed Bouazizi, amene anadzitentha ndi moto ku Sidi Bouzid pa 17 Disembala 2010 atalandidwa katundu wake, anali wogulitsa zipatso ndi ndiwo zamasamba pa kangolo. Mkwiyo umene unatsatira unathamangitsa Pulezidenti Zine El Abidine Ben Ali pa 14 Januwale 2011, atalamulira zaka 23, ndipo mseu waukulu wa Habib Bourguiba mu Tunis, m'mene alendo amakhala pansi kumwa khofi, ndiwo unadzaza ndi khamu tsiku limenelo. Ndiponso dziko limene kale linali nkhokwe ya Rome tsopano limagula kunja gawo lalikulu la tirigu wa mkate wake. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba m'caka ca 2022, ndipo cilala citaononga zokolola m'caka ca 2023, anthu anaima pa mizere yaitali pa makomo a ophika mkate. Zinthu izi sizilembedwa pa zipilala za ku Carthage, koma wokhala pa benchi la lablabi amaziona ndi maso ake, pa kukula kwa cidutswa ca mkate ndi pa nkhope za ouwerengera.

Alipo amene adzatsutsa, ndipo zifukwa zao nzomveka. Ena aopa matenda a m'mimba. Mantha amenewa ali ndi mankhwala ake, ndiwo kusankha nyumba imene mwadzaza eni dziko, m'mene mphika uli kuwira pamaso pa onse, ndi kupempha kuti dzira lipsetsedwe. Ena ati masiku a msonkhano ngowerengeka. Koma mbale ya lablabi sitenga theka la ora, ndipo mtengo wake ngocepa kutalitali poyerekeza ndi cakudya ca muhotela. Ena adandaula za cinenero, popeza kumeneko kumalankhulidwa Ciarabu ndi Cifalansa, ndipo Cingerezi sicimveka paliponse. Koma cala coloza ndi moni wa ulemu zatsegula makomo ambiri, ndipo akulu anati safunsa anadya phula. Woyenda m'mwezi wa Ramadan yekha ndiye ayenera kudziwiratu kuti tinyumba tambiri todyeramo timatsekedwa usana, ndi kuti kudya poyera pamaso pa osala sikuoneka bwino.

Cifukwa colemera koposa nca citetezo. M'caka ca 2015 zigawenga zinapha alendo ku Bardo ndi pa gombe la ku Sousse, ndipo m'caka ca 2023 anthu akuda ocokera kumwera kwa cipululu ca Sahara anacitiridwa nkhanza m'mizinda ina, kotero kuti bungwe la African Union linadzudzula mau amene anakoleza motowo. Mlendo wa ku Zambia sayenera kunyalanyaza zimenezi. Ayenera kufunsa za mkhalidwe wa dziko asananyamuke, kuyenda ndi zikalata zake za ulendo, ndi kupita ku misika usana pamodzi ndi mwini dziko womdziwa. Koma kudzitsekera muhotela sikumpatsa nzeru iriyonse ya kubwera nayo, pamene mnzake wa pa msonkhano kapena woyendetsa galimoto amakondwa akapemphedwa kuti aonetse kumene iye amadya. Pempho lotere limasandutsa wolipidwa kukhala wocereza, ndipo nkhani zimene zimatuluka pa mbale sizituluka m'basi ya alendo.

Abemba ali ndi mwambi wakuti mwana wosayenda amatamanda amake okha pa kuphika. Mwambiwu sunyoza amai, koma ukumbutsa kuti woyenda ali ndi mangawa kwa otsala. Cithunzi ca El Jem cimaonedwa kamodzi nkuiwalika, ndipo cikho ca dothi cogulidwa ku Nabeul cimathera pa kabati. Koma wobwera ndi paketi ya couscous, kathumba ka caraway ndi kaphikidwe ka lablabi m'mutu wabweretsa kanthu kamene banja lonse lingagawane. Wabweretsanso phunziro loyenera nyumba iriyonse imene imawerengera ndalama: kuti nyemba, mkate wogona ndi tsabola wa kuseri kwa nyumba zikhoza kukhala cakudya colemekezeka, monga momwe cimbala cimasungira mwana wopita ku sukulu m'mawa.

M'mwezi wa Juni, mphepo yozizira ikamaomba m'Lusaka ndipo mbaula ziri pa makomo, poto wa chana woviikidwa dzulo akhoza kuwira pa makala monga momwe amawirira ku Tunis m'Januwale. Ana akapatsidwa mbale zao kuti anyememo okha mkate adzafunsa kuti cakudya cimeneci ncakuti, ndipo pamenepo woyenda uja adzakhala ndi poyambira kusimba za Carthage, za azitona a ku El Jem, ndi za anthu amene anatuluka m'miseu cifukwa ca mkate.